Musakwirire chikhadabo chodwala ndi paudala

Sabata ino yokha anthu atatu andiuza mawu amodzimodzi ali pampando wanga: "Asisi, dip ndi yabwino chifukwa ilibe mankhwala, ndi paudala chabe." Wachitatuyo amanena izi khungu la m'mbali mwa zikhadabo zake lili psuu, likusupuka ngati mbatata yowotcha. Ndakonza zikhadabo muno mu Joni zaka 11, kuyambira pomwe ndinali ndi katebulo pakhonde la saluni ya munthu wina ku Yeoville, ndipo bodza limeneli landitopetsa. Lekani ndilembe kamodzi, wofunsanso ndizingomutumizira pa WhatsApp.

Dip ndi kukongoletsa zikhadabo poviika chala m'paudala. Paudala mumaviikamo chalayo ndi acrylic wopera bwino, mbale wake wa acrylic yemwe uja timaumba ndi burashi mu saluni. Payekha sangamatirire pachikhadabo. Chomwe chimamugwira ndi madzi a m'kabotolo kolembedwa base, ndipo madziwo ndi guluu wotchedwa cyanoacrylate, mtundu womwewo wa Super Glue amene mumamatira soli ya nsapato. Kabotolo ka activator ntchito yake ndi kuumitsa guluuyo msanga. N'zoona kuti dip safuna nyale ya UV monga imafunira gel, ubwino umenewo ndiuvomera. Koma zoti muli mavitamini ndi calcium odyetsa chikhadabo, amenewo ndi malonda. Chikhadabo chomwe mukuchionacho n'chakufa kale ngati tsitsi, sichidya, sichipuma. Chamoyo ndi muzu wake umene uli pansi pa khungu, ndipo umakankha chikhadabo pafupifupi mamilimita 3 pamwezi. Mukachiwononga lero, chatsopano chidzafika kunsonga patatha miyezi pafupifupi 6. Sungani nambala imeneyo, tibwererako.

Zoti muyambe ndi base, muviike, mukutumule, mubwereze, sindikuphunzitsani. Zadzaza pa YouTube ndi TikTok, ndipo ambiri a inu mumazitha kuposa ana ena amene ndawaphunzitsapo ntchito. Sindikukuletsaninso kudzikonza nokha kunyumba. Ndikudziwa kuti lendi ikudikira, kumudzi akudikira, ndalama ya saluni mwezi ndi mwezi si onse angaikwanitse. Chimene mavidiyowo sanena mokweza n'chakuti guluu asakhudze khungu. Siyani kampata kochepa ngati tsitsi pakati pa base ndi khungu. Amene amadzipaka ndi dzanja lamanzere, usiku, pa kuwala kwa foni, amasefukiritsa, ndiye khungu limamwa mankhwalawo sabata ndi sabata mpaka tsiku lina thupi limati basi. Kumayamba kuyabwa, timatuza, khungu kung'aluka kunsonga za zala. Ena zimawatulukira m'zikope ndi m'khosi, poti ndi momwe zala zimayendayenda, iwo n'kumanamizira sopo kapena mafuta odzola. Mu 2018 bungwe la madokotala a khungu ku Britain, British Association of Dermatologists, linachenjeza za kuchuluka kwa anthu amene matupi awo akukana mankhwala a m'zikhadabo za gel ndi acrylic, ndipo linatchulanso zida zogwiritsa ntchito kunyumba. Thupi likakana mankhwala a mtundu umenewu nthawi zambiri limakana mpaka kalekale, ndipo abale ake a mankhwalawo amapezekanso m'zomatira mano. Tsono kuyabwa kukayamba, chotsani, ndipo mukadzapita kwa dokotala wa mano mudzamuuze.

Nkhani ya kabotolo kamodzi nyumba yonse nayo. Ndikudziwa momwe timakhalira ku Berea, ku Rosettenville, ku Diepsloot: atsikana anayi chipinda chimodzi, Loweruka madzulo aliyense chala m'kabotolo komweko. Kunena chilungamo, paudala wouma si malo amene tizilombo timaswanamo kwambiri. Koma ngati mnzanu ali ndi kachilonda kotuluka magazi, njerewere kapena mafinya, ine sindingaviike chala changa pambuyo pake. Tapulani paudala pang'ono ndi kasupuni, muwaze pamwamba pa chikhadabo, wogwera pansi mutaye. Choopsa kwambiri ndi fayilo ndi kodulira khungu komwe mukubwerekana osatsuka. Ndipo kakhungu ka m'munsi mwa chikhadabo kaja mukadulirenji? Ndi chitseko, kamatsekereza madzi ndi dothi kuti zisalowe kumuzu. Kakankheni pang'ono, musakadule.

Za zokongoletsa sinditaya nthawi. Maluwa, mizere, zonyezimira, jambulani momwe mtima ukufunira, kenako kwirirani ndi paudala woyera woonekera kuti zisakande. Timiyala tokha ndiye ndimatidandaula kwa anthu oluka tsitsi, chifukwa timakola tsitsi la kasitomala n'kumatukula dip yonse. Amene mumasamalira okalamba kapena odwala, dziwani kuti malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, a mu 2009 okhudza kusamba m'manja amati wogwira odwala asavale zikhadabo zoikirira. Madamu akakuuzani kuti muchotse, sikuti akukuchitirani nsanje.

Pochotsa m'pamene zikhadabo zambiri zimafera. Dip yatha masabata atatu kapena anayi, yayamba kutukuka m'mbali, inu muli mu taxi pa Bree, mwayamba kuisenda ndi mano. Chimene chikuchokacho si dip yokha, mukusendanso chikhadabo chanu chenicheni, n'chifukwa chake chimatsala chopyapyala ngati khoko la anyezi, chikumva kuwawa ngakhale m'madzi ofunda. Palani kunyezimira kwa pamwamba ndi fayilo, nyowetsani thonje ndi acetone weniweni, osati chochotsera Cutex cholembedwa kuti mulibe acetone, kulungani ndi foyilo, dikirani mphindi 10 mpaka 15. Yotsala, kulunganinso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Acetoneyo amayaka ngati petulo, ndiye magetsi akazima musamuyandikize kandulo, ndipo mu Juni muno pomwe tonse takumbatira hita kapena sitovu ya parafini, musamutenthetse kuti agwire msanga. Tsegulani windo ngakhale kukuzizira. China: base ikatayikira, musapukute ndi thonje kapena chitenje. Guluu ameneyu akakumana ndi thonje amatentha mpaka kuwotcha khungu.

Zonsezi ndi zing'onozing'ono poyerekeza ndi zimene zandilembetsa.

Disembala wa zaka ziwiri zapitazo kunabwera mayi wina amene timapemphera limodzi, wa kwathu ku Mulanje konkuja. Amagwira ntchito ya m'nyumba cha kumpoto kwa mzinda uno, manja ake amakhala m'madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo: mbale, zovala, mopu, Jik. Anali atagula tiketi ya basi ya pa Park Station, akupita ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, ndipo mukudziwa momwe wa ku Joni amayang'anidwira akatsika basi. Anali atadziika dip okha masabata asanu m'mbuyomo. Atanditambasulira manja, chala chachikulu cha kumanja chinali chitatukuka theka, pansi pake pali pobiriwira modera ngati ndere za pachitsime.

"Mayi, ichi sindingachikwirire," ndinatero.

"Mwanawe, ingoikapo yakuda, sizioneka. Ndikabwera tidzaona."

Ndinakana. Koma linali Loweruka la mu Disembala, anthu asanu ali pamzere, wina akundiimbira foni, ndiye ndinangoti, "Chotsani mupite kuchipatala," n'kuitana wotsatira. Sindinawafotokozere chifukwa chake. Ananyamuka atakhumudwa, akuganiza kuti mwina ndikunyada kapena ndikufuna ndalama yoonjezera.

Ndikanakhala nawo pansi mphindi zisanu zokha, ndikanawauza izi. Kubiriwirako si nkhungu, si utoto wa paudala, si kulodzedwa. Ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, amene amakonda malo achinyezi obisika, ndipo mtunduwo amaupanga yekha. Dip ikatukuka pang'ono, madzi amalowa koma satuluka. Kwa munthu wochapa tsiku lonse, kampata kameneko kamasanduka dambo. Akaugwira msanga ndi vuto laling'ono: kuchotsa dip, kudula gawo lotukukalo, kusunga chala chouma, kuvala magolovesi pochapa, ndi mankhwala amene nesi kapena dokotala angapereke. Banga lobiriwiralo limatuluka lokha chikhadabo chikamakula. Koma mukathirapo guluu wina pamwamba, mwam'mangira bakiteriyayo nyumba ya malata.

Ndi zomwe mayi aja anachita. Anapita kunyumba, anapala mwamphamvu kuti kubiriwira kuchoke mpaka anadzicheka m'mbali, anaikapo dip yakuda, n'kukwera basi. Masiku awiri pamsewu, Beitbridge, Tete ndi kutentha kwake kuja, Mwanza. Pofika kumudzi chala chinali chikugunda ngati ng'oma. Kumeneko wina anawamangirira adyo wosinja. Wina anati mankhwala otsukira mano. Atabwerera kuno mu Januwale anagula kabotolo ka mafuta opanda dzina kwa bambo wina wa patebulo pafupi ndi renki, amene anawalonjeza kuti mafutawo amachiza zikhadabo, zipere, nyamakazi ndi mavuto a m'banja omwe. Kukliniki anapita mu Febuluwale, chala chitatupa ngati chinangwa, mafinya akutuluka. Anaching'amba, chikhadabo chinachoka, anakhala masiku ambiri osagwira madzi, ndipo pantchito ya m'nyumba wosagwira madzi ndiye kuti sakugwira ntchito. Kumeneko n'kumene anawayezanso n'kuwapeza ndi matenda a shuga omwe sankadziwa kuti ali nawo.

Mpaka lero zimandidya. Si dip inawapatsa shuga, ayi. Koma munthu wa shuga chilonda cha pachala sichichedwa kukula ndipo chimachedwa kupola, ndiye miyezi iwiri ija anayendera adyo ndi mafuta a parenki ikanatha kuwadyera chala. Akulu anati ukabisa matenda maliro tidzamva, koma ife a saluni timathandizira kubisako, chifukwa kasitomala akalipira timakwirira. Alipo anzanga a ntchito amene amapala kubiriwirako, kupakapo spirit n'kuikapo dip yatsopano. Ena amabaya chotupa ndi singano ya zovala. Ena amagulitsa makapisozi a m'thumba, atatu lero atatu mawa. Ine si nesi, iwonso si manesi. Satifiketi yokonza zikhadabo imandiphunzitsa kuzindikira chikhadabo chodwala n'kuchisiya, osati kuchichiza.

Ndiye mverani. Chikhadabo chikabiriwira, chikatukuka, chikanunkha, chotsani dip tsiku lomwelo ndipo musaikenso kanthu mpaka chitakula chabwino, ngakhale ukwati uli mawa. Chala chikatupa, chikatentha, chikamagunda usiku, kapena mukaona mafinya, imeneyo ndi ya kukliniki sabata yomweyo. Kufiira kukayamba kukwera m'dzanja kapena thupi likatentha, ndi tsiku lomwelo, musadikire Lamlungu lanu la ofu. Muli ndi shuga, kapena chitetezo cha m'thupi n'chotsika, musayese n'komwe kudikira. Ndikudziwa zomwe zimatibweza: mzere wa mbandakucha, tsiku lodulidwa pamalipiro, mantha ofunsidwa mapepala, kulankhulidwa mwachipongwe chifukwa cha kalankhulidwe kathu. Sindikuzichepetsa, ndinaimapo pamzere umenewo. Ngati kukliniki kwakanika lero, lowani mu pharmacy iliyonse, muonetse chalacho kwa pharmacist mwini wakeyo, osati wa pa till. Kufunsa salipiritsa, ndipo akaona kuti zamupitirira adzakuuzani kopita. Zikafuna dokotala wa khungu, kliniki ndiyo imalemba kalata yopita ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph kapena Chris Hani Baragwanath.

Palinso chimodzi chimene dip yakuda imabisa, ndipo ichi chimandiopsa kuposa mafinya. Ife a khungu lakuda ambiri tili ndi timizere toderapo totsika m'zikhadabo, kawirikawiri pa zala zingapo, ndipo n'tachibadwa. Koma mzere umodzi, pachala chimodzi, umene ukukula m'lifupi, ukuda kwambiri, kapena mtundu wake wafalikira pakhungu la m'mbali, umafunika dokotala auone, chifukwa ukhoza kukhala khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Imeneyi sisankha azungu okha, kwa ife imakonda kubisala m'zikhadabo, m'zikhatho ndi kumapazi. Munthu amene amachotsa dip n'kuikanso ina ola lomwelo, chaka chonse, adzauona liti mzerewo? Mukachotsa, yang'anani zikhadabo zanu zili zosapaka, masana, panja. Zijambuleni ndi foni, mwezi wotsatira mufanizire.

Mayi aja anabweranso kwa ine mu Seputembala wotsatira. Chikhadabo chinamera, koma n'chamizeremizere, chokhuthala mbali imodzi, ndipo sichinagwirane bwino ndi nyama kunsonga. Amabwera mwezi uliwonse tsopano, ndimawakonza zala zisanu ndi zinayi. Chachikulucho ndimangochidula n'kuchipaka mafuta, ndipo nthawi zonse amandifunsa kuti, "Mwanawe, lero sitiikapo ngakhale pang'ono?"