Zilembo za mtundu wa Futura zimafuna malo ndi mawu ochepa

Anthu akabwera kudzapangitsa mapositala, matisheti a kwaya kapena zikwangwani za mashopu awo ku Mbare ndi ku Highfield mu mzinda wa Harare, ambiri amaloza pa kompyuta n'kunena kuti, "Tikufuna izi, zooneka zaukhondozi." Nthawi zambiri amakhala aloza Century Gothic kapena Montserrat. Mafonti (mitundu ya zilembo) amenewa ndi a banja limodzi lomwe pa ntchito yathu timalitcha geometric sans-serif. Zilembo zake zilibe timichira kumapeto, ndipo zimamangidwa ndi bwalo, mzere wowongoka ndi makona akuthwa.

Kholo lotchuka la banjali ndi Futura, imene Paul Renner anajambula ku Germany, ndipo kampani ya Bauer inaitulutsa mu 1927. Ndi zilembo za Futura zomwe zili pa chitsulo chimene a Apollo 11 anasiya pa mwezi mu 1969. Montserrat ndi yaposachedwa: Julieta Ulanovsky anaitulutsa mu 2011 atatengera zikwangwani zakale za dera lina la ku Buenos Aires. Imapezeka ulere pa Google Fonts, n'chifukwa chake yafala chonchi.

Chimene ndimakonda pa Futura n'chakuti Renner anadziwa kuti diso silimayeza ngati rula. O wake amaoneka wozungulira bwinobwino, koma amapitirira pang'ono mzere wapamwamba ndi wapansi, apo ayi akanaoneka wamng'ono pafupi ndi H. Pamene bwalo la b kapena d likukumana ndi mzere woimirira, anapachepetsa kunenepa kuti inki isaunjikane. Mafonti ambiri ongotengera a pa intaneti alibe chisamaliro chimenechi, ndipo mukawakulitsa pa chikwangwani amalemera molakwika.

Kwa ife olemba Chichewa pali vuto lenileni. Mu Futura ndi Century Gothic, a wamng'ono ndi bwalo lokhala ndi kamzere kumanja, motero akaonedwa patali kapena atachepa amafanana ndi o. Chilankhulo chathu chadzaza ndi zilembo ziwirizi. Munthu amene ali mu kombi ikuthamanga akhoza kuwerenga "choka" pomwe mwalemba "chaka". Montserrat ili bwino pamenepa chifukwa a wake ali ndi kadenga pamwamba, ndipo ndi imene ndimasankha mawu akakhala m'zilembo zing'onozing'ono. Yesaninso kulemba ŵ ndi ng' musanalipire. Fonti ikasowa ŵ, kompyuta imabwereka chilembo cha fonti ina, ndipo dzina la Malaŵi limatuluka ndi chigamba pakati.

Nkhani ina ndi ya malo. Zilembo zozungulirazi ndi zotambalala, pomwe mawu athu ngati "Chigwirizano" kapena "Chikumbutso" ndi aatali. Mawu akakana kukwana, ena amawafinya ndi mausi mpaka O asanduke dzira. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa kukongola konse kwa fontiyo kuli m'bwalo lomwelo. Gawani mawuwo m'mizere iwiri, kapena tengani Futura Condensed imene anaijambula dala kuti ikhale yopyapyala.

Pa pulogalamu ya maliro, dzina la malemu ndi zaka zawo zilembedwe ndi fonti yotereyi, zazikulu, zopatsidwa mpata. Koma mbiri ya moyo wawo, imene agogo adzawerenga atakhala mu tenti, muiike mu Georgia kapena Garamond, zomwe sizitopetsa maso pa ndime zazitali.