Magolovesi sangakutetezeni ku kachilombo mumsika

Chiyambire pamene COVID-19 inalowa m'Zambia mu 2020, ena kuno ku Chipata amakhulupirirabe kuti akavala magolovesi popita ku msika wa Kapata, kachilombo sikangawagwire. Si zoona ayi. Kachilombo ka chimfine kapena ka korona sikaboola khungu la m'manja. Kamalowera m'mphuno, m'kamwa ndi m'maso, makamaka kudzera mu mpweya wa wodwala amene ali pafupi. Golovesi yogwira ndalama, chitseko cha minibasi ndi foni imanyamula tizilombo n'kukatisiya pankhope mukangodzikanda. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti wovala magolovesi amaiwala kusamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti kusamba m'manja pafupipafupi kumateteza kuposa magolovesi. Anamwino amawavala pogwira magazi kapena zilonda, amawataya akathana ndi wodwala mmodzi, kenako amasambabe ndi sopo.