Zomwe kompyuta imawerenga m'dontho la magazi

Amayi anga aang'ono a ku Bembeke adandifunsa chaka chatha, tili pakhonde kusenda mbatatesi: "Mwanawe, akuti umafufuza za malungo, koma tsiku lonse umangokhala pakompyuta. Udzudzuwo umaupeza kuti?" Funso lawolo ambiri ali nalo.

Cholengedwa chilichonse, kaya munthu, nyemba kapena kachilombo ka malungo, chili ndi malangizo a chibadwa chake olembedwa mu DNA. Zilembo zake ndi zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mwa munthu zilembozi zandandalikana pafupifupi 3 biliyoni, pomwe mwa Plasmodium falciparum, kachilombo kamene kamatigoneka nthawi yadzinja, zilipo pafupifupi 23 miliyoni. Makina a mulabotale sawerenga zonsezi mondondozana. Amazidula tizidutswa tambirimbiri, ngati kalata yong'ambidwa n'kumwazidwa pabwalo. Kulumikiza tizidutswato ndi kupeza pamene chilembo chimodzi chasintha, imeneyo ndiye ntchito yathu, ndipo popanda kompyuta ndi masamu singatheke.

Chilembo chimodzicho musachipeputse. Akuluakulu mukukumbukira chloroquine, wowawa uja, ena ankamva naye kuyabwa thupi lonse. Adasiya kuchiza chifukwa tizilombo tidasintha pamalo amodzi otchedwa pfcrt, n'kuyamba kulavula mankhwalawo asanatiphe. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar. Chodabwitsa chidabwera pambuyo. Ofufuza ku Blantyre adapeza kuti tizilombo tosinthato, timene mu 1992 tidali 85 pa 100 alionse, pofika 2000 tidatsala 13 okha. Mankhwala atachoka, tizilombo tolimbato tidalephera kupikisana ndi tinzawo. Mu 2006 kafukufuku adaonetsa kuti chloroquine wayambanso kuchiza ana kumeneko. Sindikunena kuti mukamgule ayi. Mankhwala ovomerezeka kuchipatala ndi LA, yemwe tidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007.

Lero maso athu ali pa LA yemweyo. Ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka tizilombo tosintha pamalo otchedwa kelch13, timene timachedwa kufa ndi mankhwala a mtunduwu. Kuti tidziwe ngati tafika kwathu, pamangofunika dontho la magazi a pachala, lodonthezedwa pakapepala, louma ngati banga la dzimbiri. Kapepalako kakhoza kuchokera ku Lobi kapena ku Mtakataka, kumene malungo amavuta kuposa kumapiri kozizira kuno, n'kukafika kulabotale kosaonongeka.

Chimandipweteka mtima n'chakuti kwa zaka zambiri magazi ankatengedwa kuno koma owerenga anali kunja. Zikusintha. Ku sukulu yaukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ndi ku bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome Programme kuli achinyamata a digiri yachiwiri ndi PhD amene akuchita okha ntchitoyi. Wophunzira wotere sangoloweza za m'buku. Sabata ndi sabata amakhala pansi ndi anzake kusanthula kafukufuku wongotuluka kumene, kufunsa ngati magazi adatengedwa kwa anthu okwanira komanso ngati masamu ake ali olondola. Amaphunziranso kulamula kompyuta ndi zilankhulo zake zotchedwa Python ndi R. Amene adakonda masamu kusekondale amapita patali msanga, ngakhale sadachitepo za udokotala.

Amayi aang'ono aja adamvetsera mpaka mbatatesi zidatha m'lichero, kenaka adaitana mdzukulu wawo wa Fomu 3 kuti adzandionetse kope lake la masamu.