Foda Ikasowa mu Thunderbird, Makalata Amakhala Alipobe

Kwa zaka zambiri anthu akhala akukhulupirira kuti foda ikasowa kapena ikaoneka yopanda kanthu mu pulogalamu ya maimelo ya Thunderbird, ndiye kuti maimelo onse amene anali mmenemo afufutika. Ena amafika pochotsa pulogalamuyo n'kuiikanso, zomwe sizithandiza kwenikweni, chifukwa makalata sasungidwa m'pulogalamumo koma pamalo ena apadera otchedwa profile.

Pamalo amenewa, foda iliyonse ya makalata imakhala ndi mafayilo awiri. Fayilo ya dzina lokhalokha, monga Inbox, ndi imene imasunga makalata enieniwo, pamene Inbox.msf ndi kalozera chabe. Kalozerayu akawonongeka, mwina chifukwa magetsi anathima kompyuta ili mkati mogwira ntchito, foda imaoneka ngati mulibe kanthu ngakhale kuti makalata onse ali momwemo. Ambiri amaopa kukhudza fayilo ya .msf poganiza kuti ndi imene ili ndi mauthenga awo, komatu mukatseka Thunderbird, n'kukopera profile yonse pa fulashi, kenako n'kufufuta fayilo ya .msf ija, pulogalamuyo imapanga kalozera watsopano ikangotsegulidwanso. Batani la Repair Folder limagwiranso ntchito yomweyi.

Pa akaunti ya maimelo ya mtundu wotchedwa IMAP nkhani yake ndi ina, popeza makalata amakhala pa seva, yomwe ndi kompyuta ya amene amakupatsani akauntiyo, ndipo kawirikawiri foda imabisika chifukwa sinachongedwe pa Subscribe, pomwe mumasankhira mafoda oti azioneka.

Chimene ndimaletsa ndi kuthamangira kudina Compact, yochepetsa kukula kwa foda, vuto lisanadziwike, chifukwa imachotseratu makalata onse amene pulogalamuyo ikuwaona ngati ofufutidwa, ndipo amenewo kuwabweza n'kovuta zedi.