Anamanga Great Zimbabwe Ndani? Mkangano Womwe Unatha ndi Mapale a Miphika

Makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Masvingo ku Zimbabwe kuli mabwinja a mzinda wamiyala wotchedwa Great Zimbabwe. Linga lake lalikulu lili ndi khoma lozungulira mamita pafupifupi 250, ndipo malo ena khomalo lafika mamita 11 kupita m'mwamba. Miyalayo inangosanjidwa mwaluso, popanda dothi kapena simenti yoigwirizitsa. M'kati mwa lingalo muli nsanja yooneka ngati nkhokwe, koma yopanda khomo kapena chipinda. Makoma ambiri anamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1200 ndi m'ma 1400. Kwa munthu amene akufuna kuyamba kuphunzira za maufumu akale, ine ndimati ayambire pano, chifukwa mkangano wokhudza amene anamanga mzindawu umaphunzitsa mmene mbiri yeniyeni imadziwikira.

Mkanganowu unayamba mu 1871 pamene Karl Mauch wa ku Germany anafika pamalopa. Iye anabwera ali kale ndi nkhani m'mutu, yoti golide wa Mfumu Solomo ankachokera chakuno. Atabenthula kachidutswa ka mtanda wapakhomo, anamva fungo lofanana ndi la pensulo yake, n'kugamula kuti ndi mkungudza wa ku Lebanon, ndiye kuti nyumbayi ndi ya mfumukazi ya ku Sheba. Chonsecho mtengowo unali wa m'tchire la komweko. Bodzali linawakomera atsamunda. Kampani ya mtsamunda wa ku Britain, Cecil Rhodes, italanda dziko limene lero ndi Zimbabwe mu 1890, kunali kofunika kwa iwo kuti anthu akhulupirire zoti eni nthaka sanamangepo chilichonse chachikulu. Mu 1891 Theodore Bent anakumba pamalopa, napeza zinthu za Aafirika zokhazokha pamodzi ndi katundu wamalonda, komabe analemba kuti omangawo anali alendo ochokera kutali, monga anthu a ku Phoenicia kapena Aluya.

Amene anawononga kwambiri ndi Richard Hall, mtolankhani yemwe anapatsidwa udindo wosamala malowa mu 1902. Iye ankati akusesa zinyalala za anthu akuda kuti afike pa zinthu za omanga enieni. Anakumba ndi kutaya dothi lambirimbiri la m'malinga, ndipo m'dothi limenelo ndi mmene munali umboni. Izi zimandiwawa mtima mpaka lero. Pamalo amene anthu akhalapo zaka mazanamazana, phulusa, mapale ndi mafupa zimaunjikana mosanjikizana, zakale kwambiri pansi, zatsopano pamwamba. Wofufuza amawerenga nthawi potsatira mndandanda umenewo. Ukangousokoneza, palibe angaubwezeretse.

Mu 1905 kunabwera David Randall-MacIver, amene anaphunzira ntchito yokumba zakale ku Egypt. Iye anasamala kuona chimene chili pansi pa chinzake. Anapeza kuti miphika ya pansi penipeni ndi yofanana ndi ya anthu okhala m'deralo, ndipo katundu wakunja wopezeka nayo limodzi sanali wa m'nthawi ya Solomo ayi, koma wa zaka mazana angapo chabe zapitazo. Azungu a ku Rhodesia, dzina la dzikoli panthawiyo, anapsa mtima. Mu 1929 Gertrude Caton-Thompson anatumidwa kukafufuzanso. Iye ndi amayi anzake anasankha malo amene Hall sanawakhudze, anakumba mpaka pa thanthwe, anaboolanso ngalande pansi pa nsanja ija. Zimene analengeza ku Johannesburg chaka chomwecho zinali zomwe zija: mzindawu unamangidwa ndi Aafirika. Njira yoyezera zaka za makala ndi mitengo itayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1950 ndi pambuyo pake, inatsimikiza kuti nkhani ya Solomo ilibe maziko.

Tsono dothi lotsalalo likutiuza chiyani? Makolo a Ashona ndiwo ankakhala muno, m'nyumba zozungulira zomata ndi dothi zimene zinali pakati pa makomawo. Miyala sankaitenga kutali. Matanthwe a m'deralo amasendeka okha m'mapale aakulu, ndipo amisiri ankawaswa kukhala timiyala tofanana. Chuma chawo choyamba chinali ng'ombe. Pa dzala la m'mbali mwa phiri panapezeka mafupa ochuluka zedi, ambiri a ng'ombe zazing'ono, kusonyeza kuti akuluakulu ankadya nyama yofewa. Ankasula zitsulo, kusungunula mkuwa ndi golide, ndi kupota thonje.

Malonda awo ankafika kutali. Golide ndi minyanga ya njovu zinkatsikira ku Sofala, kugombe la Mozambique, n'kupita ku Kilwa, mzinda wa Aswahili womwe lero uli m'dziko la Tanzania. Pobwerera ankabweretsa mikanda yagalasi, nsalu, ndi mbale za ku China ndi Persia. Ngakhale ndalama yachitsulo ya ku Kilwa inapezeka m'mabwinjamo. Malonda a m'nyanja yomweyi pambuyo pake anafikanso kwa Amaravi: ku Mankhamba m'boma la Dedza, katswiri wofufuza zakale Yusuf Juwayeyi anakumba mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Cha m'ma 1450 mphamvu za Great Zimbabwe zinayamba kuchepa, ndipo ulamuliro unasamukira ku Khami kumadzulo ndi ku ufumu wa Mutapa kumpoto.

Ngakhale umboni unali poyera, boma la azungu la ku Rhodesia, lotsogoleredwa ndi Ian Smith, linkaletsa mabuku a alendo ndi malo osungirako zinthu zakale kunena mosabisa kuti omanga anali anthu akuda. Peter Garlake, amene anali woyang'anira zipilala zakale, anakana kugonjera ndipo anachoka m'dzikomo mu 1970. Dziko litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina la mzindawu, ndipo mbalame yosemedwa pamwala yopezeka m'mabwinjamo inaikidwa pa mbendera. Bungwe la UNESCO linalemba malowa m'kaundula wake mu 1986. Mbalame zodziwika zilipo zisanu ndi zitatu. Zina zinabwezedwa kuchokera ku South Africa mu 1981, ndipo chidutswa cha ina chinachokera ku Germany n'kulandiridwa mu 2003. Imene Willie Posselt anatenga mu 1889 n'kugulitsa kwa Rhodes inakakhala m'nyumba yake ya Groote Schuur ku Cape Town.