Mapu a Lilongwe ndi amene amadulitsa umphawi

Ambiri amati madera othithikana a mu Lilongwe monga Mtandire, Kauma, Mgona ndi Chinsapo anakula chifukwa anthu ochokera kumudzi amangomanga paliponse. Ife ojambula mapulani a mizinda timadziwa kuti vutoli linayambira papepala.

Likulu la dziko linasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe mu 1975, koma pulani ya mzindawu inajambulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi akatswiri a ku South Africa, dziko lomwe linabwereketsanso ndalama zomangira. Pulaniyo inagawa anthu potengera thumba. Mabwana anapatsidwa mapuloti akuluakulu ku Area 10 ndi Area 12, pafupi ndi Capital Hill, komwe kuli maofesi a boma. Opeza zochepa anawalozera ku Area 25 ndi Area 23, kutali ndi maofesi, kuti azidzimangira okha. Pakati anasiya tchire ndi madambo kuti mzinda uzioneka wobiriwira.

Koma nyumba ya kumayadi imafuna mlonda, wam'dimba ndi wolera ana, ndipo malipiro awo sangakwanire minibasi tsiku lililonse. Ndiye anthuwa anakapempha malo kwa mafumu a midzi yoyandikira. N'chifukwa chake Kauma ili kuseri kwa Area 12, Mtandire ili m'mphepete mwa Area 47. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000 mumzinda muno, ndipo ochuluka amakhala m'madera otere, omwe pulani sinawaganizire.

Malo ogula kudzera kwa mfumu sakhala ndi chikalata cha boma cha umwini, ndipo apa mpomwe mavuto amalumikizana. Banki sitenga nyumbayo ngati chikole, choncho mwini wake akasowa mpamba amathamangira katapila. Nyumba zimathithikana popanda kusiya msewu, motero mapaipi a Lilongwe Water Board amavuta kudutsa, ambulansi imathera panjira. Mayi wopanda mpopi pakhomo amagula madzi pa kiyosiki ndowa imodziimodzi. Madzi akasiya kutuluka amagula kwa ogulitsa m'zigubu pamtengo wokwera, kapena amapita pachitsime chokumbidwa moyandikana ndi chimbudzi. Nthawi yomwe wataya pamzere palibe amaiwerengera. Wosauka amagula chilichonse pang'onopang'ono, makala, mafuta ophikira, ngakhale shuga wa m'timapepala, ndipo mukaphatikiza pamwezi mupeza kuti walipira kuposa wogula zambiri nthawi imodzi.

Za Kauma zimandiwawa kwambiri. Kumeneko n'komwe kuli madamu oyeretsera zonyansa za m'masuweji a madera ena, pomwe anthu a m'deralo amadalira zimbudzi zokumba.

Puloti yotchipa nthawi zambiri imakhala m'mbali mwa mtsinje. Lingadzi atasefukira mu February 2017, nyumba za zidina zosawotcha ku Mtandire zinagwa, ndipo mawu oti "anamangiranji pamenepo" anamveka ponseponse. Akanamanga kuti?

Kugwetsa nyumba sikuthandiza, chifukwa banjalo limakayambanso dambo lina. Njira yomwe imagwira ndi yokonza dera anthu ali momwemo: kulemba nyumba iliyonse pamapu mothandizana ndi mafumu ndi eni ake, kugwirizana potsegula misewu ndi ngalande, kulipira omwe ataye mbali ya malo, kenaka kupereka zikalata. Chovuta n'chakuti dera likangokongola, malandilodi amakweza lendi, ndipo m'madera amenewa ochita lendi ndi ambiri. Choncho powerenga nyumba, khonsolo ilembenso amene akugonamo, osati mwini puloti yekha.