Musanadulire rasiberi, dziwani kaye mtundu wake

Anthu ambiri amandifunsa chifukwa chimene rasiberi wawo amachita masamba okongola koma osabala. Ndikawafunsa momwe anadulira, yankho limakhala lomwelo nthawi zonse, loti anadula matsinde onse mpaka pansi. Yankho limeneli ndatopa nalo.

Mizu ya rasiberi imakhala zaka zambiri, koma tsinde lililonse limangokhala zaka ziwiri. Mitundu ngati Tulameen ndi Glen Ample imabala pa matsinde a chaka chatha: tsinde limamera chaka chino, limabala chaka chamawa, kenako limauma. Mukalidula lisanabale, mwataya zokolola za chaka chonse. Pa mitundu iyi, mukangomaliza kuthyola zipatso chotsani matsinde okhawo amene abala kale, musiye atsopano amphamvu 6 mpaka 8 pa phata lililonse, n'kuwamangirira pa waya. Mitundu ngati Heritage ndi Autumn Bliss imabala pa tsinde lomera chaka chomwecho, ndipo iyi yokha ndiyo yoyenera kudulidwa yonse mpaka pansi kumapeto kwa nyengo yozizira.

Mayi wina wachikulire amandimvetsabe chisoni ndikamukumbukira. Ankathirira pa nthawi yake, kuthira manyowa, kuzula udzu ndi manja, zonse mosamala kwambiri. Koma amene anamugulitsa mbande anamuuza kuti azidula zonse chaka ndi chaka, pomwe iye mwini sankadziwa n'komwe dzina la mtundu umene ankagulitsawo. Zipatso zitakana, mayiyo anaganiza kuti nthaka yaguga, nawonjezera feteleza wokulitsa masamba. Masamba anachulukadi, chipatso ayi. Pamene ankabwera kudzafunsa, theka la mzere anali atazula kale. Zomera zimenezo zinalibe vuto lililonse, zikanangosiyidwa chaka chimodzi zikanabala. Ngati dzina la mtundu wanu simukulidziwa, musadule tsinde lamoyo kwa chaka chathunthu, muone kuti zipatso zikutuluka pa matsinde ati.

Za mbande zopanda dzinazi ndinenepo mwamphamvu, chifukwa vuto lake silithera pa kadulidwe. Rasiberi amagwidwa msanga ndi matenda a vairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Mphukira yopemphedwa m'munda wakale ikhoza kuoneka yathanzi pomwe matenda ili nawo kale. Mudzaona masamba a mawanga achikasu, matsinde opinimbira, ndi zipatso zazing'ono zongoyoyoka m'manja. Wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala opopera ochiza zimenezi, akukunamizani. Chomera chogwidwa ndi vairasi sichichira. Chizuleni ndi mizu yomwe, chitentheni, ndipo musachedwe poyembekezera kuti mwina chisintha, chifukwa nsabwe zija zikupitiriza kutenga matendawo kupita nawo ku zomera zina. Gulani mbande zoyezedwa, za dzina lodziwika, ndipo mufunse ngati mtunduwo ungabale kwanuko. Mitundu yambiri imafuna nyengo yozizira ndithu kuti iphuke bwino.

Kabzalidwe kake si kovuta. Sankhani pamalo pofika dzuwa, nthaka ikhale ya asidi pang'ono, pH (muyeso wa asidi m'nthaka) 5.5 mpaka 6.5. Siyani masentimita 45 mpaka 60 pakati pa mbande, ndi mamita pafupifupi 1.8 pakati pa mizere. Musakwirire mozama, dothi la masentimita 5 mpaka 8 pamwamba pa mizu lakwana. Mizuyo imayenda pamwambamwamba, choncho khasu lisayandikire. Phimbirani ndi udzu wouma kapena manyowa owola bwino. Pamene panali matimati, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya m'zaka zaposachedwa pasiyeni, popeza nthaka yotere imasunga Verticillium, matenda ofotetsa zomera.

Chomaliza ndi madzi. Rasiberi amafuna chinyezi, makamaka zipatso zikamakula, koma madzi ongodikha amamupha. M'dothi lodikha madzi, matenda otchedwa Phytophthora amaoletsa mizu, matsinde n'kuyamba kufota dothi lili lonyowa. Anthu akaona kufotako amawonjezera kuthirira, n'kumalizitsa chomeracho. Mukaona zotere kumbani phata limodzi tsiku lomwelo. Mizu ikakhala yofiirira kapena yakuda, yophweka pofinya, siyani kuthirira, chotsani zodwalazo, ndipo mbande zatsopano mukazibzale pa bedi lokwezeka pamalo ena.